Pikapu yogwirapo kale ntchito imaonedwera kunsi

Wogulitsa pikapu amadziwa kumene maso a wogula amathamangira. N'chifukwa chake mumaipeza yotsukidwa mpaka kuinjini, matayala akuwala polishi, mkati mukununkhira. Zonsezo n'za tsiku limodzi. Pikapu inagulidwa kuti izisenza katundu, ndipo zimene inasenza zimaonekera pa chasisi, pa masipuling'i ndi m'mainjekita (timipopi toponya dizilo mu injini), kumene sopo safika. Pokaona Hilux, Ranger, D-Max kapena Hardbody, tengani tochi, kahamala, katoni yoyala pansi ndi makaniko wanu, osati amene wakupezerani wogulitsayo.

Yambani mutaima chapatali, galimoto ili pamalo athyathyathya. Yang'anani mpata wa pakati pa kanyumba kokhala anthu ndi bodi yakumbuyo. Mpatawo uyenera kukhala wofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ukakhala wotseguka pamwamba koma wothina pansi, chasisi inapindika. Zimenezi zimachitika kwambiri pa twin cab, chifukwa gawo lalikulu la bodi yake lili kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Munthu akaunjika simenti kapena mabelo a fodya chakumapeto kwa bodi n'kumenya dzenje ali pa liwiro, kulemera konse kumakanikiza kumchira ndipo chitsulo chimagonja cha pamene kanyumba kathera. Chasisi yopindika amaiwongola ndi moto n'kuiwotcherera zigamba, koma siibwerera mphamvu zake. Galimoto yotere imadya matayala mbali imodzi ndipo imayenda chammbali ngati nkhanu. Isiyeni, ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Kenako yalani katoni ija mugone pansi. Tsatani chasisi ndi tochi mbali zonse ziwiri, makamaka pamene masipuling'i ndi mashoko amangiriridwa. Zowotcherera za kufakitale zimakhala zosalala ndi zofanana, pamene za pagalaja zimakhala zamabuluma ndipo penti yake imasiyana ndi ina yonse. Penti yakuda yatsopano pansi pa galimoto ya zaka 12 ndi yofunika kuifunsa mafunso. Gogodani ndi kahamala: chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyedwa ndi dzimbiri chimalira phu, nthawi zina n'kugwetsa makoko. Dzimbiri lotere n'lofala pa magalimoto ochokera ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo limadya kuchokera mkati mwa chasisi. Nissan Navara ya mtundu wa D40 inatchuka kumeneko chifukwa cha chasisi yothyoka ndi dzimbiri. Zochokera ku Johannesburg nthawi zambiri zimakhala zouma kunsi kuposa zimene zakhala zaka m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Durban kapena ku Beira.

Musadzuke msanga. Werengani masipuling'i mbali iliyonse. Akachuluka kuposa a kufakitale, mwini wake anaonjezera kuti azipakira mopitirira, ndipo pikapu zambiri zimene zinayendapo matola zili choncho. Masipuling'i abwino amakhala okhota ngati uta galimoto ikakhala yopanda katundu, akaongoka, atopa. Pamwamba pa chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo pali kamphira koletsa chasisi kugunda. Pamene kamphirako kamakhudza pakakhala popukutika mpaka kuwala, galimotoyo inkayenda itakhala pansi ndi katundu. Gwirani shafuti yopita ku difu, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, muigwedeze. Ikamachita khokhokho, majoini ake atha. Onaninso ngati oyilo akudontha kukamwa kwa difu kapena mkati mwa matayala akumbuyo, chifukwa oyilo wapamenepo amakanyowetsa mabuleki.

Injini ioneni m'mawa isanalizidwe. Pangananani ndi wogulitsa kuti asaidzutse, ndipo mukafika ikani dzanja pa injiniyo. Ikakhala yofunda, bwererani mawa. Injini ya dizilo yabwino imadzuka nthawi yomweyo, mwina kautsi pang'ono kenako mbee. Utsi wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo akupsa, kaya chifukwa cha maring'i kaya turbo. Woyera wonunkha dizilo umaloza mainjekita, woyera wosanunkha umene sukutha injini itatentha ndi madzi amene akulowa mkati. Wakuda poponda moto ungakhale wa fyuluta ya mpweya yotsekeka basi, koma ungakhalenso wa mainjekita otha. Injini ikulira, masulani chitsekerero cha pothirira oyilo muchisiye pamwamba pa bowolo osachimanga. Chikamangonjenjemera palibe vuto. Chikamadumpha n'kugwa, utsi ukutuluka phwa phwa ngati sitima yamalasha, injiniyo yatha mkati ndipo mukugula ovaholo. Madzi a mu redieta akhale a mtundu wofiira kapena wobiriwira, osati adzimbiri, ndipo asamatulutse thovu injini ikamalira.

Injini iliyonse ili ndi pofookera pake, ndipo ndi bwino kupita mukupadziwa kale. Hilux ya 2005 mpaka 2015, imene anthu amangoti D4D, ili ndi injini ya 2.5 yotchedwa 2KD kapena ya 3.0 yotchedwa 1KD. Zonse ziwiri zimayendera lamba wa taiming'i amene amasinthidwa pa makilomita 150,000. Pa dashibodi pamayaka kagetsi kolembedwa T-BELT, koma kagetsiko kamazimitsidwa ndi batani lamba asanasinthidwe, ndiye musakakhulupirire. Popanda lisiti, sinthani lambayo limodzi ndi zomukungira zake sabata yoyamba. Lamba akaduka mavavu amakumana ndi mapisitoni.

Matenda enieni a 1KD ndi timawashala ta kopa timene timakhala pansi pa mainjekita. Tikatha, utsi wa m'silinda umadutsa n'kukasakanikirana ndi oyilo, oyiloyo amaumba mwaye wolimba ngati makala, ndipo mwayewo umakatseka kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo pansi pa injini. Galimoto imayenda bwinobwino mpaka tsiku limene oyilo walephera kukwera, kenako mumangomva kuti yanoka. Kuona kwake n'kosavuta: oyilo akakhetsedwa, walitsani tochi pabowo lokhetserapo, kasefako kamaonekera. Mainjekita akeonso amatha, ndipo injekita yothira dizilo mopitirira imatha kung'amba pisitoni. Makaniko wokhala ndi kompyuta yoyezera galimoto awerenge mainjekita onse anayi injini ili yozizira. Pa 1KD nambala ya iliyonse isapitirire 3.0, kaya kumwamba kaya kunsi kwa ziro. Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi zochepa, ndipo wogulitsa wokana kuti muyeze wakuuzani kale yankho.

Hilux ya kuyambira 2016, ya 2.4 ndi 2.8 GD-6, imayendera tcheni, choncho nkhani ya lamba palibe. Isuzu D-Max ya 2.5 ndi 3.0, imene kale inkatchedwa KB, ili ndi injini yaphokoso koma yopirira, ndipo kwa munthu wofuna yantchito basi ndi yosanyozeka. Ford Ranger ya 2.2 ndi 3.2 imakoka bwino ndipo imakhalika, koma ili ndi lamulo limene magalaja ambiri apansi pa mtengo salidziwa: posintha oyilo, musaisiye yopanda oyilo kupitirira mphindi 10. Pampu yake ikauma imalephera kukokanso, ndipo injini imalira yopanda oyilo mpaka kuonongeka. Makaniko wotsegula bawuti n'kupita kukadya nsima wapha injini yotere. Ranger ya 2.0 ili ndi lamba woyendera mkati mwa oyilo, amene amanyenyeka akathiridwa oyilo wolakwika. Hardbody ndi yotchipa ndipo masipeya ake ali paliponse, kuyambira ku Biwi mpaka ku Ndirande, koma mu 2018 bungwe la Global NCAP litaiyesa poigunditsa silinaipatse nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu okhala mkati. Ngati mudzanyamulamo banja, ganizirani zimenezo.

Poiyendetsa, pezani msewu wafumbi. Lowetsani 4H, giya ya 4WD yokoketsa matayala onse anayi, kenako imani mulowetse 4L, inzake yoyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Ilowe ndi kutuluka popanda kulimbana nayo, ndipo kagetsi kake kayake n'kukhazikika, osati kuphethira. Pa tala wouma musayese zimenezi, chifukwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizika kuzungulira mofanana ndipo pokhota magiya amapanikizika. Kalachi iyeseni pachitunda muli mu giya 4: mukaponda moto injini n'kukwera mawu liwiro osaonjezeka, ikuterereka.

Mileji ya pa dashibodi ndi nambala imene munthu wa laputopu amasintha pa ola limodzi. Khulupirirani chiwongolero chosalala, mphira wa pa mapedulo wodyeka ndi mpando wa dalaivala wophwa. Ya ku Britain ili ndi mwayi umodzi: mukadziwa nambala imene inkayendera kumeneko, mbiri yake ya MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili bwino, imapezeka pa intaneti kwaulere ndipo imaonetsa mileji ya chaka chilichonse. Samalaninso ndi mawu akuti yachokera ku Japan. Toyota inasiya kugulitsa Hilux ku Japan mu 2004 n'kudzayambiranso mu 2017, choncho D4D ya 2010 siinayendepo m'misewu ya kumeneko ngati galimoto ya msika wawo. Nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17, imanena zoona: yoyamba ndi AHT inapangidwa ku Durban, yoyamba ndi MR0 ku Thailand. Zambiri zochokera ku Ulaya za zaka za posachedwapa zili ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, ndipo zina zimafunanso AdBlue, madzi apadera oyeretsa utsi. DPF imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga ulendo wautali, ndipo imafuna oyilo wake wapadera. Yongozungulira pakati pa Area 25 ndi mu Town imatsekeka, mphamvu n'kuthawa.

Nambala ya chasisi yomweyo muione ndi maso pa chitsulo, muiyerekeze ndi ya pa bulubuku komanso ya pa mapepala a MRA, chilembo ndi chilembo. Pozungulira nambalapo pasakhale popalidwa kapena powotcherera. Yochokera ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, pakuti Hilux ndi imodzi mwa galimoto zobedwa kwambiri kumeneko. Pikapu zambiri za mabungwe zinalowa m'dziko osalipira msonkho, ndipo ngati msonkhowo sunakonzedwe pogulitsa, udzakupezani inu. Ina imakhala chikole kubanki kapena kwa akatapila. Njira yake ndi imodzi: pitani ku Road Traffic pamodzi ndi munthu amene dzina lake lili pa bulubuku, ndalama yomaliza iperekedwe umwini utasinthidwa. Adobadoba apageti sangalowe m'malo mwa mwini galimoto.

Ena amakopeka ndi zimphona za ku America monga Ford F-150, Toyota Tundra, Ram 1500 ndi Chevrolet Silverado. Kwawoko n'zomveka: misewu ndi yotakata, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukoka ngolo zolemera. Kuno zambiri zimabwera ndi chiwongolero kumanzere, zimene zimavuta popitirira lole pa M1 chifukwa dalaivala saona kutsogolo mpaka theka la galimoto litatuluka kale. Tundra ya 5.7 V8 imamwa malita 14 mpaka 18 a petulo pa makilomita 100, pamene D4D imamwa malita 8 mpaka 10 a dizilo. Chodabwitsa n'choti pa katundu wa m'bodi sizisiyana kwenikweni ndi Hilux ya kanyumba kamodzi, zonse zimasewera cha pa tani imodzi. Galasi lakutsogolo likasweka mudzadikira milungu kuti lifike.

Mukagula, musadikire kuti sevisi ikwane. Sinthani oyilo, pafupifupi malita 7 pa D4D ndi pafupifupi 10 pa Ranger 3.2, mafyuluta onse, oyilo wa giyabokosi ndi wa madifu, kuti kuwerenga kuyambire pa inu. Bukhu limati makilomita 10,000, koma yoyenda m'fumbi ndi katundu isapitirire 5,000. Fyuluta ya mpweya musamaipope ndi mpweya wamphamvu, pepala lake limabooka timabowo tosaoneka ndipo fumbi limakadya turbo ndi maring'i. 4WD muziilowetsa pafumbi makilomita 16 mwezi uliwonse kuti zamkati zisaume.

Ndalama zambiri za eni D4D zimathera pa dizilo woipa. Injini zimenezi zimaponya dizilo pa mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo chimene chimafewetsa pampu ndi mainjekita ndi dizilo yemweyo. Mafuta akasowa, wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala wosakaniza ndi parafini kapena madzi. Injini zakale za Hilux zotchedwa 3L ndi 5L zinkameza zimenezo n'kumapitirira, koma D4D ayi. Kagetsi ka fyuluta ya dizilo kakayaka, imani pomwepo, masulani kampopi kapansi pa fyuluta madzi atuluke, mupope ndi batani lapamwamba mpaka lilimbe. Woyenda kumidzi aonjezere fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, ndipo asamayendere thanki yotsala pang'ono kuuma.

Za katundu, werengani pa kachitsulo ka pachitseko kapena pa bulubuku: kulemera kololedwa kuchotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Chotsalacho chikuphatikiza dalaivala, okwera, kanope ndi zitsulo zonse zimene munaonjezera. Ya kanyumba kamodzi imasenza matumba pafupifupi 20 a makilogalamu 50. Twin cab yokhala ndi anthu asanu mkati yadya kale makilogalamu 350, ndipo kumbuyo kwatsala malo a matumba 10 kapena 12. Olemera aikeni kutsogolo kwa bodi, atsamire kanyumba, ndipo matayala akumbuyo muwaonjezere mpweya monga mwalembedwera pachitseko. Matayalawo akhale olembedwa LT kapena C, kusonyeza kuti ndi onyamulira katundu. Pambali pake pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Lopitirira zaka 6 lisapite kumbuyo kwa pikapu yonyamula, ngakhale mano ake akuoneka atsopano.