Tenti kapena resitihausi? Funsani kaye mwezi

Anthu akamandifunsa za kogona paulendo amayambira pa mtengo. Ine ndimayamba ndawafunsa kuti akupita mwezi uti, ndipo pamalopo akagona masiku angati.

Ngati mukungodutsa, monga kuchoka ku Blantyre kupita ku Karonga pamsewu wa M1, za tenti zisiyeni. Mufike kutada, msana ukuwawa, ndiye muyambenso kukhoma zikhomo mutaluma tochi? Pezani resitihausi ku Kasungu kapena ku Mzuzu. Musanalipire, kaoneni kaye chipindacho ngati neti ilibe zibowo, ngati madzi akutuluka kubafa, komanso ngati galimoto igone mkati mwa mpanda. Funsaninso ngati pali bala pafupi, makamaka likakhala Lachisanu la kumapeto kwa mwezi.

Tenti imakoma mukakhazikika malo amodzi masiku angapo, monga ku Cape Maclear kapena ku Liwonde. Mumalipira malo okhomapo basi, chakudya mumadziphikira pambaula. Komatu kutchipa kumeneku n'kwa munthu amene ali nayo kale tenti, matiresi ndi galimoto yonyamulira. Wapaminibasi, kondakitala amulipiritsa mpando wina wa katunduyo.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi dzinja, ndipo tenti yotchipa imadontha m'misoko. Mu Okutobala kunyanja, dzuwa likangotuluka mkatimo mumasanduka uvuni, choncho ikhomeni pamthunzi, koma osati pansi pa mvunguti, poti zipatso zake n'zolemera ndipo zimagwa nthawi ina iliyonse. Ku Nyika ndi kwina. Derali lili pamtunda wopitirira mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku wina madzi amachita kuundana pa udzu. Ambiri amaunjika mabulangete pamwamba, chonsecho chisanu chimalowera pansi. Choyala chochindikala n'chofunika kuposa chofunda chachitatu.

Ku Liwonde khomani pamalo ovomerezeka okha. Mvuu zimatuluka mu Shire usiku kukadya msipu, ndipo sizipatukira munthu amene wagona panjira yawo. Chakudya chitsekereni m'galimoto, apo ayi anyani akuthandizani kudya.

Okwera phiri la Mulanje asavutike n'kusenza tenti. Pamwambapo pali tinyumba togona alendo, monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila, tokhala ndi pokolezera moto komanso wotiyang'anira. Inu nyamulani chakudya ndi zofunda.