Windo la ku Prague lomwe linayatsa nkhondo ya zaka 30

Padutsa zaka zoposa 400 chichitikireni zija za pa 23 May 1618 ku Prague Castle, nyumba yachifumu ya ku Bohemia (lero ndi mbali ya dziko la Czech Republic), ndipo anthu ambiri akamaikamba nkhaniyi amangothamangira poti akuluakulu atatu anaponyedwa pawindo n'kugwera pamulu wa ndowe basi, chomwe chinawafikitsa anthu pamenepo sachitchula n'komwe.

Kuponyana pawindo ku Prague sikunayambe tsiku limenelo ayi. Pa 30 July 1419, zaka 4 chiwotchereni Jan Hus, mlaliki wa ku Bohemia amene ankadzudzula Tchalitchi cha Katolika, ku Konstanz, omutsatira motsogozedwa ndi wansembe Jan Želivský analowa mu holo ya khonsolo ya New Town n'kuponya makhansala panja pawindo, makhansalawo anafera pomwepo. Mu 1483 zinachitikanso. Ndiye anthu a mu 1618 ankadziwa bwinobwino zomwe akuchita, kwa iwo chinali chilango cha makolo choperekedwa kwa munthu wogulitsa dziko.

Nkhani yeniyeni ili pa kalata. Mu 1609 mfumu Rudolf II inasayinira kalata yopatsa Apulotesitanti a ku Bohemia ufulu wopembedza. Sipanathe zaka 10, tchalitchi chawo ku Broumov chinatsekedwa, cha ku Hrob chinagumulidwa mu 1617, chaka chomwechonso Ferdinand, Mkatolika wosamva za munthu, analandiridwa kuti ndiye adzakhale mfumu. Apulotesitanti anadandaula kwa mfumu Matthias, amene analowa m'malo mwa Rudolf, yankho lake linali lowaletsa kusonkhana. Inu mukanatani, pepala lili m'manja koma tchalitchi chili pansi?

M'mawa wa 23 May 1618 gulu la Apulotesitanti lotsogozedwa ndi Count Thurn linakwera ku ofesi ya nduna zoimira mfumu, linapezako nduna zinayi. Awiri, Sternberg ndi Lobkowicz, anawatulutsa bwinobwino osawakhudza, apa m'pomwe ine ndimaonera kuti sichinali chipolowe chongolusa, ankadziwa amene akumufuna. Otsalawo, Jaroslav Martinic ndi Vilém Slavata, anawafunsa ngati ndi iwo analemba yankho lija kenako anayamba ndi Martinic, Slavata anagwira mphepete mwa windo mpaka anamumenya manja kuti asiye, mlembi wawo Filip Fabricius anamuponyanso pomaliza. Kutalika kwake mabuku amasiyana, ena amati mamita 16 ena mpaka 21. Onse atatu anapulumuka.

Anapulumuka bwanji? Akatolika anati Maria Virigo ndi angelo anawawakha, ndipo zambiri zomwe timawerenga za tsikulo zimachokera kwa Slavata mwiniwake, munthu woti anali ndi chifukwa chofunira kuti chioneke chozizwitsa. Za ndowe zija zimaoneka kuti ndi yankho la mbali inayo pofuna kunyoza chozizwitsacho, nazonso umboni wake ngofooka. Akatswiri ambiri amaloza khoma lopendekeka, malo otsetsereka pansi pake ndi zovala zochindikala zomwe ankavala nthawi imeneyo. Slavata anavulala mutu, iye ndi Martinic anabisala kwa mayi Polyxena wa ku Lobkowicz pomwe Fabricius anathawira ku Vienna kukanena.

Zotsatira ndi zomwe zimandiwawa. A ku Bohemia anamukana Ferdinand n'kusankha Mpulotesitanti Frederick V, uja amamutcha mfumu ya nyengo imodzi yozizira, koma pa 8 November 1620 anagonja ku White Mountain pafupi ndi Prague, nkhondo yosatha n'komwe maola awiri. Pa 21 June 1621 atsogoleri 27 anaphedwa pabwalo la Old Town anthu akuonerera, mitu ya ena anaipachika pa nsanja ya Charles Bridge n'kukhala pamenepo zaka 10. Minda inalandidwa, okana kulowa Chikatolika anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nkhondo inafalikira mpaka Denmark, Sweden ndi France analowererapo, kudzatha mu 1648 ndi pangano la mtendere la ku Westphalia, madera ena a Germany atatsala mabwinja.

Oponyedwa aja zinawayendera. Slavata anadzakhala chansala wa Bohemia, Martinic nayenso anakwera udindo waukulu, Fabricius anamupatsa ulemu wa anthu apamwamba. Thurn anathawa, anakafera ku Pärnu (lero m'dziko la Estonia) mu 1640 osaonanso kwawo pamtendere.