Basi yothamanga imayambira pa msewu wake

Mzinda ukamakula, misewu yolowera pakati pake imadzadza m'mawa ndi madzulo, ndipo atsogoleri ambiri amathamangira kuikulitsa. Ife amene timagwira ntchito yokonza kayendedwe ka anthu m'mizinda tikudziwa kuti mpumulo wotere sukhalitsa, chifukwa msewu ukakula anthu ambiri amayamba kuyenda pa magalimoto awo, ndipo pakapita zaka zochepa mizere ija imabwereranso. Njira ina, imene padziko lonse imadziwika ndi dzina lakuti BRT (chidule cha mawu a Chingerezi akuti Bus Rapid Transit), ndiyo kupatula mbali ya msewu womwe ulipo kale n'kuipereka kwa mabasi akuluakulu okhaokha, kuti aziyenda ngati sitima ngakhale kuti palibe njanji.

Anthu akamva za BRT amaganiza msanga za mabasi atsopano, komatu basi ndi gawo losavuta pa ntchito yonseyi. Chofunika kwambiri ndi njira yake, imene imayenera kukhala pakati pa msewu ndi kutchingidwa bwino, popeza m'mphepete ndi mmene magalimoto amaima, kukhota ndi kutsitsa katundu. Kenako pamabwera nkhani ya nthawi imene basi imataya ikaima. Ngati anthu 30 akukwera pa khomo limodzi, aliyense n'kumalipira ndi kudikira chenji, mphindi zingapo zimatha pa siteji imodzi yokha, ndipo mabasi a m'mbuyo amaunjikana. N'chifukwa chake pa BRT munthu amalipiriratu polowa mu siteshoni, ndipo pansi pa siteshoniyo pamamangidwa mofanana msinkhu ndi pansi pa basi, kotero kuti zitseko zonse zikatseguka nthawi imodzi anthu amalowa ndi kutuluka m'masekondi ochepa, kuphatikizapo okalamba ndi oyenda pa njinga za anthu aulumali. Pa mphambano, magalimoto amaletsedwa kukhota modula njira ya basi, ndipo maloboti amakonzedwa kuti asamaichedwetse.

Mzinda wa Curitiba ku Brazil ndi umene unaonetsa dziko njirayi mu 1974, pa nthawi imene meya wake anali Jaime Lerner, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Chimene ambiri otengera chitsanzochi amaiwala n'chakuti Curitiba inalola nyumba zitalizitali kumangidwa motsatira misewu ya mabasiyo, choncho okwera ankakhala pafupi ndi masiteshoni. Mu Disembala 2000, Bogotá ku Colombia inatsegula BRT yake yotchedwa TransMilenio pansi pa meya Enrique Peñalosa, n'kuwonjezera njira yachiwiri pa masiteshoni kuti mabasi osaima paliponse azidutsa anzawo. Pa msewu wake wotanganidwa kwambiri, TransMilenio yakhala ikunyamula anthu oposa 40,000 pa ola limodzi kulowera mbali imodzi, chiwerengero chimene kale chinkaoneka chotheka ndi sitima zokha, pamene ndalama zomangira kilomita imodzi zimachepa kangapo poyerekeza ndi njanji ya pansi pa nthaka.

Pa nkhani ya chilengedwe, phindu lake ndi losavuta kuwerengera. Basi yaitali ya zigawo ziwiri zolumikizana imanyamula anthu pafupifupi 160, pamene galimoto yaing'ono nthawi zambiri imakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri. Komabe basi ya dizilo imatulutsa utsi ndithu, ndipo mpweya umayera pokhapokha mabasi akale ofuka atachotsedwa pa msewu komanso eni magalimoto ena atasankha kusiya magalimoto awo kunyumba. Mzinda wa Dakar ku Senegal unapita patsogolo mu 2024 potsegula msewu wa makilomita pafupifupi 18 woyendamo mabasi amagetsi okhaokha, ngakhale kuti ubwino wa basi yamagetsi umadaliranso gwero la magetsiwo.

Kulephera kwa BRT ndiko kumandikhudza kwambiri, chifukwa kumachitika m'njira zimene zikanapewedwa. Delhi ku India inatsegula msewu wa makilomita 5.8 okha mu 2008, waufupi kwambiri moti sunathandize maulendo a anthu ambiri, ndipo okwera ankalipirabe m'basi. Eni magalimoto, amene mawu awo amamveka msanga m'manyuzipepala ndi m'makhoti, anadandaula kuti alandidwa malo, ndipo mu 2016 msewuwo unaphwasulidwa. Dar es Salaam ku Tanzania inayamba bwino m'chaka chomwecho cha 2016, ndi misewu ya makilomita pafupifupi 21 imene msana wake ndi wochokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni, ndipo ulendo umene unkadya maola unafupika kwambiri. Koma malo osungirako mabasi anamangidwa ku Jangwani, chigwa chimene chimasefukira madzi, ndipo mabasi atayamba kuwonongeka osalowedwa m'malo, anthu ankadikira nthawi yaitali n'kumapanikizana pa masiteshoni okongola aja. Ngongole zikuluzikulu zimapezeka mosavuta pomanga konkire, koma ndalama zogulira matayala, zokonzera injini ndi zowonjezera mabasi chaka ndi chaka ziyenera kulembedwa m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Palinso mizinda imene kamangidwe kake kamavutitsa BRT. Ku Johannesburg, kumene BRT yotchedwa Rea Vaya inayamba mu 2009, ndiponso ku Cape Town, ulamuliro watsankho unakankhira anthu osauka kutali ndi malo antchito. Basi imadzadza kumayambiriro kwa ulendo, n'kuyenda mtunda wautali popanda otsika ndi okwera atsopano, kenako n'kubwerera yopanda anthu, choncho ndalama za matikiti sizikwanira ndipo boma limayenera kuthirapo zambiri.

Nanga eni maminibasi amene akhala akunyamula anthu pa msewu womwewo kwa zaka zambiri? Kuwanyalanyaza n'kulakwa, ndiponso n'koopsa, pakuti mabasi a Rea Vaya anawomberedwapo ndi mfuti atangoyamba kuyenda. Johannesburg inakambirana nawo kwa nthawi yaitali mpaka ena mwa iwo anapereka maminibasi awo n'kukhala eni kampani yoyendetsa mabasi atsopanowo. Bogotá nayo inasintha kalipiridwe, kuti kampani izilandira ndalama potengera makilomita amene mabasi ake ayenda m'malo mwa chiwerengero cha okwera, ndipo zimenezi zinathetsa pa misewu imeneyo mpikisano wolimbirana anthu umene unkachititsa ngozi. Maminibasi otsala amakhalabe ndi ntchito yaikulu yotenga anthu m'madera okhalamo n'kuwafikitsa ku masiteshoni, ndipo mtengo wa maulendo awiriwo uyenera kuphatikizidwa pa tikiti imodzi, apo ayi munthu wopeza zochepa adzaona kuti basi yothamangayo yamukwezera mtengo wopitira kuntchito.