Mutu kuleka kuwawa si kuchira kwa BP

M'zipatala za ku Matero, Kanyama ndi Chilenje mu Lusaka mawu awa amamveka kawirikawiri: "Adokotala, mutu unaleka kuwawa, ndiye mankhwala ndinasiya." Anthu ambiri amakhulupirira kuti BP, kutanthauza kuthamanga kwa magazi, ikakwera munthu amaimva m'thupi. Si zoona. Nthawi zambiri sionetsa chizindikiro chilichonse, chonsecho ikuwononga mitsempha, impso ndi mtima, mpaka munthu kufika kuchipatala chachikulu cha UTH atafa ziwalo mbali imodzi.

Mankhwala monga amlodipine sachotsa matendawa, amangotsitsa BP pa nthawi imene ali m'magazi. Mukasiya, pakapita masiku ochepa imakweranso. N'chifukwa chake piritsi limamwedwa tsiku lililonse pa nthawi yofanana, ngakhale mukupeza bwino.

Chodziwira kuti BP yakwera ndi makina opimira okha, ndipo kapimidwe kake kali ndi malamulo. Khalani pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Amene wangofika ali wefuwefu pothamangira pamzere, kapena wasuta fodya m'mphindi 30 zapitazo, manambala ake amanama. Akapezeka 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, ndiye BP imeneyo.

Ena amasiya chifukwa amlodipine wawatupitsa akakolo, kapena enalapril wawapatsa chifuwa chouma chosatha. Zimachitikadi, koma bwererani kuchipatala akakusinthireni, mankhwala alipo amitundu ingapo. Mchere usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'kapenta ndi m'soseji womwe. Adyo ndi mandimu, ngakhale amatamandidwa m'makomboni, salowa m'malo mwa piritsi.