Musanakuwe kuti kochi achoke, funsani kuti anagula osewerawo ndani

Cleveland Browns, timu ya mpira wa ku America, ikangogonja Lamlungu, foni yanga siipuma. Amalemba abale a kuno ku Ohio, ena ku Indiana, ena ku Johannesburg ndi ku Lilongwe amene anayamba kutsatira NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, pa intaneti. Uthenga wake umakhala umodzimodzi: "Akochi, munthu uyu achoke basi, timu yamulaka." Ndatopa nawo mawu amenewa. Ndawamva pa Pat Shurmur, ndawamva pa Mike Pettine, ndawamva pa Kevin Stefanski, onsewa makochi a Browns pa nthawi zosiyana, ndipo amene amawanena saima n'kudzifunsa kuti tinachotsa kale angati, ndipo tinapindula chiyani.

Ine ndimaphunzitsa mpira wa ku America kwa anyamata a sekondale. Theka la ntchito yanga limathera pa kompyuta, kubwereza kanema wa masewero, sewero limodzi kakhumi, kuti ndione amene anaphonya malo ake. Choncho ndikamati vuto la timu silioneka pa zigoli zokha, ndikunena zimene maso anga amaona sabata ndi sabata.

Browns inabwerera mu ligi mu 1999. Kuyambira pamenepo kufika 2020, Stefanski anali kochi wamkulu wachikhumi, osawerengera ogwirizira. Pittsburgh Steelers, adani awo a m'gulu limodzi, kuyambira 1969 kufika 2024 anali ndi makochi atatu okha: Chuck Noll, Bill Cowher ndi Mike Tomlin. Noll chaka chake choyamba anapambana masewero amodzi n'kugonja 13. Banja la a Rooney linamusunga, ndipo pofika sizoni ya 1979 anali atabweretsa zikho zinayi za Super Bowl, fainolo ya NFL. Cleveland nayo inali ndi kochi Bill Belichick m'manja, timu inamuchotsa kumayambiriro kwa 1996 pa nthawi imene mwini wake Art Modell ankaisamutsira ku Baltimore, Belichick n'kukatenga zikho zisanu ndi chimodzi ku New England.

Koma sindikufuna muganize kuti nkhani ndi kudekha kokha. Chimene ambiri mumalakwitsa ndi kutenga mpira uwu ngati mpira wathu wamiyendo, kumene kochi watsopano angathe kubwera Lolemba, n'kusintha osewera awiri, timu n'kudzuka Loweruka. Mu NFL mphamvu zinagawidwa patatu. Mwini timu ndiye amasaina cheke ndi kulemba ntchito akuluakulu. General manager ndiye amasankha osewera pa draft (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhira anyamata ochokera ku koleji mosinthana), amagula, amagulitsa, amakonza makontirakiti mkati mwa salary cap, malire a ndalama zimene timu imaloledwa kulipira osewera ake. Kochi wamkulu amalandira anthu 53 amene wapatsidwa n'kuwaphunzitsa. Matimu ena amapatsa kochi liwu lalikulu pa kusankha osewera, ena ayi, ndipo musanaweruze muyenera kudziwa kuti pa timu yanuyo zinakhala bwanji. Wophika amaphika ndiwo zimene wogula wabweretsa kuchokera kumsika.

Taonani zimene zinachitika mu Marichi 2022. Browns inapereka kwa Houston Texans masankho atatu a raundi yoyamba ya draft, a 2022, 2023 ndi 2024, kuti itenge quarterback (wosewera amene amatsogolera gulu lomwetsa zigoli ndi kuponya mpira) Deshaun Watson, n'kumupatsa kontirakiti ya zaka zisanu ya madola 230 miliyoni, yonse yotsimikizika, asewere asasewere. Pa nthawiyo amayi oposa 20 anali atamusumira pa nkhani za nkhanza zokhudza kugonana, iye akukana, ndipo ligi inamuimitsa masewero 11. M'masizoni atatu anayamba masewero 19 okha, mpaka mtsempha wa chidendene unaduka mu Okutobala 2024. Zaka zitatu timu inalibe mwayi wosankha mnyamata waluso pa raundi yoyamba, ndalama zochuluka zitamangidwa pa munthu mmodzi. Sizoni ya 2024 inatha ndi kupambana katatu, kugonja ka 14, masapota n'kumakuwa dzina la kochi. Komatu kochi yemweyo, Stefanski, chaka cham'mbuyo anapambana masewero 11, akusinthasintha ma quarterback chifukwa cha kuvulala, mpaka kuitana Joe Flacco amene anali atakhala kunyumba, ndipo anasankhidwa kukhala kochi wopambana mu ligi kachiwiri. Kodi munthu angaiwale ntchito m'miyezi khumi ndi iwiri? Mu 2025 mwini timu, Jimmy Haslam, anavomera poyera kuti kugula Watson kunali kuphonya kwakukulu. Sindikunena kuti kochi analibe mbali yake. Ndikunena kuti cheke cha madola 230 miliyoni sasaina kochi.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa kwambiri, chimene simuchiona pa wailesi ya kanema. Mukasintha kochi, mwasintha chilankhulo cha timu yonse. Playbook ndi buku lokhuthala la masewero onse amene timu imakonzekera, ndipo banja lililonse la makochi lili ndi mawu ake. Ochokera ku West Coast offense ya Bill Walsh amaitana sewero ndi chiganizo chachitali, liwu lililonse likuuza munthu wina kopita. Otsatira njira ya Don Coryell amagwiritsa manambala kutchula njira zothamangamo olandira mpira. Ena amangotchula liwu limodzi loimira sewero lonse. Quarterback amamva zimenezi m'chipewa chake kudzera pa wailesi, wotchi ya masekondi 40 ikuthamanga, wailesiyo n'kuzima pakatsala masekondi 15. M'kanthawi kameneko ayenera kubwereza mawuwo kwa anzake khumi, kuwerenga m'mene otchinga a timu ina aimira, kusintha chitetezo chake ngati n'koyenera. Munthu amene akumasulirabe mawu m'mutu amachedwa ndi theka la sekondi, ndipo theka la sekondi pa mpira uwu ndi kugwetsedwa pansi kapena kuponyera mdani.

Ndinazionera pafupi pa mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa. Sukulu inasintha woyang'anira gulu lomwetsa zigoli katatu m'zaka zitatu, chifukwa makolo ankadandaula nthawi iliyonse tikagonja. Mwanayu dzanja anali nalo, mutunso anali nawo. Chaka chachitatu ndinamupeza m'chipinda chovalira anzake onse atapita, atayala timakadi pa benchi, mbali ina atalemba dzina lakale la sewero, mbali ina dzina latsopano, akuloweza ngati mwana wa mayeso. Lachisanu lotsatira, pa sewero lofunika, anaitana dzina la chaka chatha. Anzake theka anapita kumanja, theka kumanzere, iye anatsala yekha ndi mpira ndipo anagundidwa koopsa. Makolo kumipando anakuwa kuti mwanayu ndi wamantha. Anamaliza sizoniyo koma sanabwererenso ku mpira. Mpaka lero ndikakumbukira timakadi tija mtima umandipweteka, chifukwa tinamuwononga ndife akuluakulu, ine ndili pomwepo, ndipo sindinalimbe mokwanira kuti ndikane kusinthako.

N'chifukwa chake nkhani ya quarterback Baker Mayfield siichoka m'mutu mwanga. Browns inamusankha woyamba pa draft yonse ya 2018. M'masizoni ake atatu oyamba anadutsa m'manja mwa makochi aakulu anayi: Hue Jackson, Gregg Williams wogwirizira, Freddie Kitchens, kenako Stefanski. Mu 2019, pansi pa Kitchens, mipira yake 21 inagwidwa ndi adani. Chaka chotsatira, atapeza dongosolo lomveka, inagwidwa 8 yokha, timu inapambana masewero 11 ndipo mu Januwale 2021 inakwapula Steelers 48 kwa 37 mu playoff, masewero a chipulula a kumapeto kwa sizoni, kupambana koyamba kotero kuchokera sizoni ya 1994. Mu 2021 anavulala phewa sizoni itangoyamba, anapitiriza kusewera chovulala, masewero ake anatsika, masapota anamutembenukira, ndipo timu inamugulitsa ku Carolina. Mu 2024 ali ku Tampa Bay anaponya ma touchdown 41, ndiye kuti mipira imene inabala zigoli. Cleveland inali naye munthu amene inamufunafuna zaka pafupifupi 20.

Ndipo si quarterback yekha amene amalipira. Kochi watsopano wa otchinga akafuna amuna anayi kutsogolo pamene wakale ankaima ndi atatu, osewera ena amene munawagula modula sakwananso. Mukawachotsa, ndalama zawo zotsimikizika zimawerengedwabe pa salary cap, zimene amazitcha dead money. Mumalipira munthu amene akusewerera timu ina. Walira mvula walira matope: amene mukufuna kochi watsopano, vomeraninso kuti chaka choyamba chingakhale chosesa m'nyumba. Dan Campbell ku Detroit anapambana katatu kokha mu 2021, ndipo 2022 anayamba ndi kugonja masewero asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri. Anamusiya agwire ntchito pamodzi ndi general manager wake Brad Holmes, amene analembedwa naye mwezi umodzi, ndipo mu 2024 anapambana masewero 15.

Ena mudzati ndiye kuti kochi asamachotsedwe. Ayi, alipo oyenera kupita, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa kuchedwa kumapha timu kuposa kufulumira. Hue Jackson anapambana masewero amodzi mu 2016, mu 2017 sanapambane ngakhale amodzi mwa 16. Zoona, akuluakulu anali atakhuthula timu mwadala kuti asonkhanitse masankho a draft, choncho mlandu sunali wake yekha. Koma Haslam anachotsa Sashi Brown, amene ankasankha osewera, mu Disembala 2017, n'kulemba John Dorsey, n'kusunga Jackson. General manager watsopano anapatsidwa kochi amene sanamusankhe. Anatenga Mayfield mu Epulo, ndipo patangotha masewero asanu ndi atatu Jackson anachotsedwa pamodzi ndi Todd Haley, woyang'anira gulu lomwetsa zigoli. Mnyamata wachaka choyamba anatsala pakati pa sizoni aphunzitsi ake awiri atapita tsiku limodzi. Ngati Jackson anali woti achoke, nthawi yake inali Januwale, mnyamatayo asanalowe pakhomo.

Chicago Bears yachita zomwezo katatu motsatizana: kusankha quarterback, kenako n'kuchotsa kochi. Anasankha Mitchell Trubisky mu 2017, n'kuchotsa John Fox sizoni itatha. Anasankha Justin Fields mu 2021, n'kuchotsa Matt Nagy sizoni itatha. Anasankha Caleb Williams mu 2024, n'kuchotsa Matt Eberflus mu Novembala. Ulendo uliwonse anazengereza chaka chimodzi, ndipo ulendo uliwonse mnyamata anayamba chaka chachiwiri ndi buku latsopano. Kalendala ya NFL siidikira munthu. Makochi amalembedwa mu Januwale, kumapeto kwa Febuluwale matimu amakayeza anyamata ku Indianapolis, pakati pa Marichi msika wa osewera umatsegulidwa, kumapeto kwa Epulo ndi draft. Mwini timu amene wazengereza masabata atatu amapeza makochi abwino atatengedwa, ndipo choipa kwambiri, othandizira abwino nawonso atapita. Kochi wamkulu wopanda mphunzitsi wabwino wa mzere wotsekereza, osewera amene amateteza quarterback, ali ngati nyumba yofoleredwa bwino pa maziko a mchenga.

Chenjeraninso ndi dzina lalikulu. Jacksonville inatenga Urban Meyer mu 2021 chifukwa cha zikho zake za ku koleji, masapota anavina, koma Meyer sanamalize sizoni: anachotsedwa patatha masewero 13, atapambana awiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma amene amandikwiyitsa kuposa onse ndi asing'anga abodza a mpira uwu, amene adzaza pa YouTube, TikTok ndi X. Munthu sanalowepo m'chipinda cha makochi, koma tsiku lililonse ali ndi "chinsinsi cha m'kati": kochi wakangana ndi osewera, mawa achotsedwa, wakutiwakuti wakwera kale ndege. Amadya pa mkwiyo wanu, chifukwa kanema wa mutu wokuwa ndi amene amaonedwa kwambiri. Akaphonya amangofufuta n'kuyamba bodza lina. Njira yowazindikirira ndi yapafupi. Wodziwa mpira amakuonetsani kanema wojambulidwa kuchokera pamwamba, wa All-22, mmene osewera onse 22 amaoneka, n'kukulozerani kuti apa wolandira mpira anali yekha koma quarterback sanamuone, apa wotsekereza anaphonya munthu wake, apa sewero lenilenilo linali lolakwika. Pokhapo m'pamene mungasiyanitse cholakwa cha kochi ndi cha wosewera. Wabodza amangokuonetsani nkhope yake ndi chithunzi cha kochi atagwira kumutu.

Ena a iwo afika pogulitsa "malangizo" a kubetcha kuti kochi woyamba kuchotsedwa adzakhala ndani. Mbale wina amene timapemphera limodzi anabwera kwa ine m'nyengo yozizira, maso ali pansi, atataya ndalama ya lendi chifukwa munthu wa pa foni anamutsimikizira kuti kochi wina safika Lolemba. Kochiyo anamaliza sizoni. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, munthuyo anakuonetsani chiyani?" Anati sanamuonetse kanthu, anangoti ali ndi mnzake wa m'timu. Tinakhala pansi usiku womwewo, ndinamutsegulira kanema wa masewero amene timu ya kochiyo inagonja, ndipo tisanafike theka anawerenga yekha maulendo asanu amene mzere wotsekereza unabowoka quarterback asanamalize kubwerera m'mbuyo. Awiri mwa otsekerezawo anali ogwirizira, eni malo atavulala, ndipo zimenezi zinali pa lipoti la ovulala limene timu iliyonse imatulutsa poyera masewero asanachitike, laulere.