Kodi makhansala akachitire kuti m'bindikiro wawo wa pachaka? Mafunso ndi mayankho

Nyengo yokonza bajeti ikayandikira, makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amakonda kupatula masiku angapo kuti makhansala ndi akuluakulu a nthambi akhale pansi n'kuunika ntchito za chaka. Chimene chimautsa mkangano kawirikawiri si zokambiranazo, koma malo ake.

Kodi m'bindikiro umenewu ndi msonkhano wa khonsolo?

Ayi. Msonkhano wa khonsolo yonse umaitanidwa motsatira lamulo la maboma aang'ono la 1998, umatsogoleredwa ndi meya, umakhala ndi mlembi wa zokambirana, ndipo anthu wamba ali ndi ufulu wodzamvera. M'bindikiro ndi nthawi yosinkhasinkha chabe. Choncho chilichonse chimene makhansala agwirizana m'chipinda cha hotela, kaya ndi kukweza ndalama za ziphaso za malonda kapena kusintha misewu yoyamba kukonzedwa, chiyenera kudutsa ku komiti yoyenera ndi ku msonkhano wa khonsolo yonse chisanayambe kugwira ntchito.

Ndani amasankha malo?

Makhansala angathe kunena zimene akufuna, monga chipinda cha anthu angati ndi masiku angati, koma kubwereka malo ogona ndi ochitira msonkhano ndi kugula katundu wa boma monga kugula simenti kapena mafuta a galimoto zotola zinyalala. N'chifukwa chake ntchitoyi imagwa m'manja mwa mkulu wa khonsolo, amene amayankha pa ndalama zonse, pamodzi ndi komiti yogula katundu ya pakhonsolopo, motsatira malamulo amene bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA limayang'anira. Mwachizolowezi amapempha makotesheni, kutanthauza mapepala osonyeza mitengo, kwa eni malo osachepera atatu, n'kuwayerekeza pa mfundo zimene zinalembedwa kale, osati zopekedwa atawona mitengo. Meya akangotchula dzina la hotela ndipo makotesheni ena awiri n'kufunidwa pambuyo pake kuti fayilo ioneke yokwanira, ndondomekoyo yaphwanyidwa ngakhale mapepala onse alipo.

Bwanji osangokumana m'holo ya khonsolo?

Funso limeneli ndi loyenera kufunsidwa poyamba, ndipo yankho lake lilembedwe. Okonda kutuluka mumzinda ali ndi mfundo yomveka: khansala akakhala pafupi ndi dera lake, foni siileka kulira, pakhomo pamakhala anthu ofuna thandizo la maliro, ndipo mkulu wa nthambi amaitanidwa kukasaina mapepala mkati mwa zokambirana, kotero kuti pofika masana mipando theka imakhala yopanda anthu. Koma vuto limeneli lingathe ndi malo abata a mumzinda momwemo kapena m'mphepete mwake, popanda kulipira zogona.

Nanga n'chifukwa chiyani kunyanja kumatchuka chotere?

Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay kuli malo ambiri okhala ndi zipinda za misonkhano, ndipo palibe amene amadana ndi mphepo ya kunyanja ndi chambo chowotcha. Komabe tisabisale: munthu akagona kunja kwa malo ake a ntchito amayenera kulandira alawansi kapena kulipiriridwa zogona ndi chakudya, kuphatikizapo ndalama ya mafuta, ndipo zimenezi n'zimene zimakopa ena. Ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima ndi wa makilomita pafupifupi 100, pamene wochoka ku Blantyre kupita ku Mangochi umayandikira 200. Mtengo weniweni wa m'bindikiro suli pa kotesheni ya hotela yokha. Muyenera kuwonjezera mafuta a galimoto zonse kupita ndi kubwera, alawansi ya madalaivala ndi alembi, komanso masiku awiri othera panjira. Hotela yotchipa ya kutali ingadye ndalama zambiri kuposa yodula ya pafupi, makamaka chichokereni mu November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Palinso mbali ina imene siilembedwa m'mabuku a ndalama. Chuma cha khonsolo chimachokera kwa eni nyumba olipira msonkho wa malo, kwa eni mashopu, ndi kwa mayi wogulitsa tomato amene amadula tikiti ya pamsika m'mawa uliwonse asanagulitse ndi mulu umodzi womwe. Ndalama imeneyo ikakathera ku hotela ya m'boma lina, ngakhale ochita malonda a mumzindawo sapindula nayo.

Bwanji ngati khansala kapena wachibale wake ali ndi malo ogona alendo?

Ayenera kuulula zimenezo nkhaniyo isanayambe kukambidwa, n'kusatenga nawo mbali posankha. Kubisa, kapena kukakamiza ogwira ntchito kuti asankhe malo a mnzake, ndi nkhani imene ingathe kukafika ku bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Kodi nthawi yake ili ndi kanthu?

Inde. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, motero m'bindikiro wofuna kukhudza bajeti uyenera kuchitika ndondomeko ya zachumayo isanatumizidwe ku komiti yoona za chuma cha maboma aang'ono ya NLGFC. Ndalama zake zikhale zoti zinavomerezedwa kale m'bajeti, osati zobwerekedwa ku thumba la zitukuko.

Nzika ingadziwe bwanji ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito?

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza mauthenga, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakhudzanso makhonsolo. Mungalembere kalata ofesi ya mkulu wa khonsolo kupempha makotesheni amene anayerekezedwa, chiwerengero cha anthu amene anapita, ndalama zonse zimene zinatuluka, ndi lipoti la zimene anagwirizana. Sungani kope la kalatayo lodindidwa chidindo cha tsiku limene mwaipereka, chifukwa mukakanizidwa kapena mukangosiyidwa osayankhidwa, ndilo mudzapite nalo ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, limene limayang'anira lamuloli.