Zimene wothandiza odwala matenda osachiritsika amaphunzira

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amafunika chisamaliro chochepetsa ululu, koma amene amachilandira ndi 14 okha pa 100 alionse. Ambiri mwa iwo ndi odwala matenda a mtima, khansa ndi matenda a m'mapapo amene afika posachira. Madokotala ndi anamwino sangakwanitse okha, n'chifukwa chake pamaphunzitsidwa othandiza.

Wothandiza salemba mankhwala ndipo sasintha mlingo wake. Iye amayang'anitsitsa wodwala, kumusamalira ndi manja, ndi kukanena msanga kwa namwino zikasintha.

Phunziro loyamba ndi la ululu. Funsani wodwala kuti ululu wake uli pati pakati pa 0 (palibe ululu) ndi 10 (ululu woopsa kwambiri), ndipo lembani yankho ndi nthawi yake. Ngati satha kulankhula, onani nkhope, kubuula ndi kuumitsa thupi pomugwira. Mofini wamadzi wakumwa, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, nthawi zambiri amaperekedwa maola 4 alionse, osadikira kuti ululu uyambirenso. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa: amasunga mankhwala poopa kuti wodwala awazolowera, ululu n'kukula mpaka kuvuta kuutsitsa. Mofini amadzimbitsa, choncho wodwala akatha masiku atatu osachita chimbudzi, nenani. Akagona tulo tovuta kumudzutsa kapena akamapuma pang'onopang'ono kwambiri, musamupatsenso, itanani namwino nthawi yomweyo.

Wodwala wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri alionse. Fupa likapsinja khungu nthawi yaitali magazi sayenda, ndipo chilonda chimayamba m'chiuno, m'munsi mwa msana, pazidendene kapena pazigongono. Mukaona malo amene asintha mtundu kapena akutentha, musawatikite. Ikani mtsamiro kuti asagunde pogona. Nsalu yonyowa ndi mkodzo ichotsedwe msanga. Pomusuntha mukhale awiri ndipo mumunyamulire pansalu, osamukoka, chifukwa kukoka kumasupula khungu ndiponso kumapweteka msana wanu. Sambani m'manja musanamugwire komanso mukatha, ndipo valani magolovesi pogwira zilonda, magazi kapena chimbudzi.

M'kamwa mumaiwalika kawirikawiri. Pukutanimo ndi kansalu koviika m'madzi a mchere pang'ono, theka la tiyisupuni mu kapu imodzi. Zoyera zomata palilime zikhoza kukhala mafangasi, ndipo zili ndi mankhwala ake.

Masiku omaliza ndiwo amafuna kuphunzira kwambiri, chifukwa achibale amayang'ana kwa inu. Wodwala amagona kwambiri, amasiya kudya, mkodzo umachepa, manja ndi mapazi zimazizira. Kupuma kumadukizadukiza, ndipo pakhosi pamamveka phokoso la makhololo. Phokosoli limasautsa omva kuposa mwini wake. Mugonekeni cham'mbali, mutu utakwezedwa pang'ono. Musamukakamize chakudya kapena madzi ngati sakumeza, zingalowe m'mapapo. Kunyowetsa milomo n'kokwanira. Afotokozereni abale modekha kuti sakumupha ndi njala, thupi ndilo lasiya kufuna chakudya. Lankhulani naye pomugwira, poti ambiri amamvabe ngakhale sayankha.

Maphunziro abwino amaphunzitsanso kumvetsera osadula mawu, kusunga chinsinsi, ndi kulemekeza chikhulupiriro cha wodwala ngakhale chisiyane ndi chanu. Akafunsa ngati amwalira, musamunamize kuti achira. Mufunseni chimene chikumudetsa nkhawa, kenako dziwitsani namwino. Musanalembetse maphunziro, funsani ngati muli nthawi yogwira ntchito pa odwala enieni moyang'aniridwa, ndiponso ngati pali munthu woti muzikamba naye zakukhosi wodwala wanu akamwalira.